Zithunzi za Wilkie si umboni woti anthu a ku Scotland anali zidakwa

M'magulu athu a WhatsApp kuno ku Scotland mukuzungulira chithunzi chojambula pamanja cha David Wilkie chotchedwa The Village Politicians, ndipo otumiza akuti ndi umboni woti eni dziko lino ndi zidakwa kuyambira makedzana. Maganizo amenewa ndi olakwika. Wilkie, mwana wa m'busa wa ku Cults m'dera la Fife, anachionetsa ku Royal Academy ku London mu 1806, ndipo amene anachigula anali Earl of Mansfield. Ogula zithunzi zotere anali anthu achuma, osati alimi ojambulidwawo, ndipo maso awo anali atazolowera kale ntchito za David Teniers ndi Adriaen van Ostade, amene m'zaka za m'ma 1600 ankajambula alimi a ku Flanders ndi Holland akumwa ndi kusuta. Wilkie anatengera kajambulidwe komweko n'kuikamo nkhope za kwawo, chifukwa n'zimene zinkayenda malonda. Komanso tayang'anitsitsani patebulo la m'chithunzichi. Chimene chautsa mkangano pakati pa abambowo ndi nyuzipepala. Nthawi imeneyo nyuzi inali yokwera mtengo chifukwa cha msonkho, choncho imodzi yokha inkawerengedwa mokweza pamalo omwera, amuna a m'mudzi n'kumatsutsana za ndale.

Wina anena kuti mowawo unalipo ndithu. Sindikukana. Lamulo la mu 1853 linatseka mabala a ku Scotland Lamlungu, ndipo mu 2018 boma linaika mtengo wosatsitsika wa mowa, kusonyeza kuti vutoli ndi lenileni. Eni akenso amaikoleza okha mbiriyi ndi mashopu a whisky amene andanda mu msewu wa Royal Mile ku Edinburgh, zimene ine ndimaona kuti n'kudzipeputsa. Koma wofuna kudziwa kukula kwa uchidakwa akafufuze m'malamulo ndi m'mabuku a zipatala, pakuti wojambula amasankha choti aonetse. The Penny Wedding ya mu 1818, imene Wilkie anajambulira Prince Regent, imaonetsa ukwati umene oitanidwa ankasonkha ndalama zothandizira banja latsopano, monga perekaniperekani wa kwathu, mwambo umene akuluampingo a ku Scotland ankadana nawo. Ndipo Wilkie yemweyo mu 1815 anajambula Distraining for Rent, momwe akuluakulu olanda katundu akulemba zinthu za mlimi wolephera kulipira lendi, banja lake litagwira njakata. Chithunzichi chili m'manja mwa National Galleries of Scotland ku Edinburgh, kumene polowa salipiritsa, koma m'magulu athu palibe amene akuchitumiza.