Bromine, Mwana Wapakati M'banja la Halogen

M'chaka cha 1826, mnyamata wa zaka 23 wa ku Montpellier m'dziko la France, dzina lake Antoine Jérôme Balard, ankayeza madzi owawa amene amatsalira m'madambo anthu akatapamo mchere wa m'nyanja. Atalowetsamo mpweya wa chlorine, madziwo anasintha mtundu. Anapitiriza kuwayenga mpaka anatsala ndi timadzi tofiira moderako, tolemera, tofuka nthunzi yotsamwitsa. Fungolo ndi limene linabala dzina loti bromine, chifukwa bromos m'Chigiriki ndiye kuti kununkha.

Ku Germany, wophunzira wina dzina lake Carl Löwig anali atapeza kale timadzi tomweti mu 1825 m'kasupe wa ku Bad Kreuznach, koma anachedwa kulengeza. Ulemu unapita kwa Balard.

Nthawi imeneyo chlorine ndi iodine zinali zodziwika kale. Carl Scheele anapeza chlorine mu 1774, ndipo Bernard Courtois anatulutsa iodine m'phulusa la ndere za m'nyanja mu 1811. Koma ubale wa ziwirizi unali usanaoneke bwino, pakuti china ndi mpweya wobiriwira mwachikasu, china ndi timibulu takuda tonyezimira. Bromine ndiye anadzalumikiza. Mu 1829, Johann Döbereiner wa ku Jena anaona kuti atomu ya chlorine imalemera pafupifupi 35.5, ya iodine 127, ndipo ukaphatikiza manambalawa n'kugawa pawiri umapeza 81, pafupi kwenikweni ndi 80 ya bromine. Sikulemera kokha ayi. Chlorine ndi mpweya, iodine ndi wolimba, bromine ndi wamadzi, ndipo ngakhale ukali wake uli pakatikati. Apa ndi pamene asayansi anayamba kukhulupirira kuti maelementi ali ndi mabanja, ndipo Döbereiner ndiye analambula njira.

Patapita zaka 40, mu 1869, Dmitri Mendeleev wa ku Russia anandandalika maelementi onse odziwika pa tebulo lake, ndipo anaika fluorine, chlorine, bromine ndi iodine mumzere umodzi. Kafukufuku wa Henry Moseley wa mu 1913 anasonyeza kuti malo a elementi amatengera nambala yake ya atomu, osati kulemera. Ya bromine ndi 35.

Banja la bromine, lotchedwa halogen, linakula pang'onopang'ono. Henri Moissan anakwanitsa kupatula fluorine payekha mu 1886, astatine anapangidwa ku Berkeley mu 1940, ndipo chitsirizira, tennessine, analandira dzina mu 2016.

Lero wotsegula tebuloli apeza bromine m'gulu 17, mumzere wachinayi wopingasa, selenium ali kumanzere, krypton kumanja, chlorine pamwamba, iodine pansi. Pa maelementi onse, awiri okha ndi amene amakhala amadzi pa kutentha kwa m'nyumba: mercury ndi bromine, yemwe amaundana pa madigiri 7 pansi pa ziro n'kuwira pa madigiri 59.

Malowa amanenanso za mphamvu. Monga abale ake, bromine ali ndi maelekitironi 7 m'chigoba chakunja, ndipo amafunitsitsa imodzi yoti akwanitse 8. Pokanganirana elekitironiyo, wapamwamba amagonjetsa wapansi: bromine amathamangitsa iodine mumchere wake, koma iyenso amathamangitsidwa ndi chlorine. N'chifukwa chake mafakitale a ku Israel ndi Jordan, m'mphepete mwa Nyanja Yakufa, amatapabe bromine polowetsa chlorine m'madzi amchere, monga anachitira Balard ku Montpellier.