Inki pa zala: kumene pepala la police clearance linachokera

Mwezi watha mng'ono wanga, mwana wa amai aang'ono, anafika kunyumba madzulo zala zonse khumi zili bii. Anali atapita kukadinda zala kuti atenge police clearance, chifukwa kampani ina ya alonda m'tauni inamuuza kuti popanda pepalalo asavutike n'kubwera ku intavyu. Ya minibasi kuchoka kuno ku Kanakantapa, ya pepala lenilenilo, ya fotokope ya reji, zonse zinachokera pa chimanga chimene amai ake anagulitsa. Ali mkati mosamba m'manja, agogo aamuna, amene tsopano apitirira zaka 80, anamuyang'anitsitsa n'kufunsa kuti: "Kodi mdzukulu wanga, chitupa chabweranso?"

Tonse tinaseka, agogo okha sanaseke. Funso lao linandikhala m'mutu mpaka ndinayamba kufufuza, monga timachitira tikamakonza pulogalamu pa wailesi. Ndinapeza kuti nkhani ya kudinda zala inayambira pa nchito, upandu unabwera pambuyo.

Mu 1858 ku Bengal, m'dziko la India, mzungu wina wa boma la atsamunda dzina lake William Herschel anapangana ndi munthu wa kumeneko, Rajyadhar Konai, kuti abweretse zipangizo zomangira mseu. Herschel sanamukhulupirire. M'malo mwa siginecha anamupaka inki kudzanja lonse n'kumudinditsa pa pepala la pangano, kuti asadzakane mawa. Patapita zaka, akatswiri anatsimikiza kuti mizere ya pa chala siisintha kuyambira ukhanda mpaka imfa, ndipo anthu awiri safanana. Vuto linatsala linali lakuti, ukakhala ndi makadi masauzande, upeza bwanji la munthu mmodzi? Amene anathetsa vutoli ndi apolisi awiri a ku India, Azizul Haque ndi Hem Chandra Bose, ndipo mu 1897 ofesi ya zidindo za zala inatsegulidwa ku Calcutta. Njira yao yosanjira makadi inatchedwa ndi dzina la bwana wao, Edward Henry. Ife a nchito zongodzipereka pa wailesi zimenezi sitizidabwa.

Henry yemweyo anatumizidwa ku South Africa mu 1900 kukakonza za apolisi, ndipo mu 1901 anatsegula ofesi ya zala ku Scotland Yard ku London. Koma onani kusiyana kwake. Ku England amene anali kudinda zala anali ogwidwa pa milandu. Kumwera kwa Africa kunali kudinditsidwa anthu wamba, chifukwa chabe cha khungu lao ndi nchito yao. Anthu a ku China amene anabweretsedwa ku migodi ya golide ya Johannesburg kuyambira 1904 anadinditsidwa zala. Mu 1906 boma la Transvaal linalamula kuti amwenye alembetse ndi kudinda zala, ndipo apa ndipo Mohandas Gandhi anayambira kutsutsa boma mopanda chiwawa. Pa 16 August 1908 amwenye anasonkhana pa mzikiti wa Hamidia ku Johannesburg n'kutentha mapepala ao mumphika waukulu wachitsulo. Eni migodi nao anaikonda njirayi. Mwamuna amene wathawa mgodi woipa n'kukalembetsa kwina ndi dzina latsopano anali kugwidwa ndi chala chake chomwe. Ambiri mwa amuna a ku Nyasaland ndi ku Barotseland amene anapita ku Joni kudzera ku Wenela analowa m'dongosolo limeneli.

Kuno kwathu, mu Northern Rhodesia, pepala limene agogo akumbukira linabwera ndi lamulo la 1929 lolembetsa anthu akuda, pa nthawi imene migodi ya kopa inali kutsegulidwa. Mwamuna wakuda wofuna nchito m'tauni anayenera kuyenda ndi chitupa. Chinali kuonetsa dzina lake, mudzi wake ndi mfumu yake, ndipo pankhani ya msonkho ndi ya nchito ndicho chinali kumulankhulira. Kusiya nchito pangano lisanathe unali mlandu wa kukhoti. Agogo amati kapokola akakuimitsa pa mseu, moni unali umodzi: chitupa chili kuti? Ukachisowa, usiku umenewo ugona m'selo. Amatinso bwana woipa mtima anali kutha kukuonongera mbiri ndi mau awiri okha, ndipo kulikonse kumene upita pambuyo pake unali kungouzidwa kuti malo adzaza.

Ndiye chifukwa chake mu 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu a UNIP makamaka ku Northern ndi ku Luapula anasonkhanitsa zitupa n'kuziotcha, kuphatikiza pa kutseka miseu ndi kugwetsa milatho. Ambiri anamangidwa. Tikafika apa mpofunika kukumbukira chinthu chimodzi chimene mabuku a sukulu amachitchula monyadira osaganiza tanthauzo lake. Kenneth Kaunda anamangidwa miyezi iwiri mu 1955, pamodzi ndi Harry Nkumbula, chifukwa chopezeka ndi mabuku oletsedwa. Mu 1959 anagamulidwanso miyezi 9 ndipo anatuluka mu January 1960. Kunena mwachidule, munthu amene analandira dziko pa 24 October 1964 anali ndi mbiri ya milandu iwiri m'mabuku a apolisi. Akanapita kukafunsira ulonda pa kampani imene mng'ono wanga anapitako, akanabwezedwa pa geti.

Ufulu utabwera chitupa chinatha, koma boma latsopano linafunikabe kudziwa anthu ake. Lamulo la National Registration la 1964 ndilo linabala reji imene tonse timatenga tikakwanitsa zaka 16, ndipo nayo ili ndi chidindo cha chala chachikulu. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu, sindifuna kukuchepetsa: reji ndi ya mzika aliyense, mwamuna ndi mkazi, ndipo ndiyo imakutsegulira njira yokavota. Chitupa chinali cha munthu wakuda yekha. Apolisi nao anasunga makadi ao a zala, ndipo mpaka lero ofesi yosunga mbiri ya milandu ili ku likulu la apolisi ku Lusaka. Ukadinda zala khumi zija, amaziyerekeza ndi zimene zili m'nkhokwe yao, n'kulemba ngati pali mlandu wolembedwa pa iwe kapena palibe.

Tsopano tibwere kuno kwathu. Inu obadwira mu Mtendere, Kalingalinga kapena Chawama mwina mumangomva dzina la Kanakantapa mukamadutsa pa Great East Road kupita ku Chongwe, osadziwa kuti malowa ndi anu. Pakati pa zaka za m'ma 1980 mtengo wa kopa unali pansi ndipo nchito zinali zitauma. Mu December 1986 anthu anachita zipolowe ku Copperbelt chifukwa cha mtengo wa unga. M'tauni munadzaza anyamata ogulitsa mishanga ndi ongoyendayenda, ndipo boma linali kuwaona ngati vuto la chitetezo. Mu 1988 linatsegula malo okhazikitsirapo achinyamata osowa nchito, Kanakantapa kuno ndi Kambilombilo ku Copperbelt, pansi pa mfuu yakuti anthu abwerere ku munda. Pambuyo pake boma la Japan linathandiza pa chitukuko cha malowa. Ambiri amene anabwera sanadziwe n'kugwira khasu komwe. Ena anathawa mvula yoyamba isanathe, ena anapirira n'kumanga midzi imene tikukhalamo lero.

Atate anga aang'ono ndi mmodzi wa opirirawo. Samabisa kuti asanabwere kuno anagonapo m'selo kangapo, nthawi zina chifukwa cha shishita, kamodzi chifukwa cha ndeu ya pa bala imene inafika kukhoti. Amati chimene chinawapulumutsa n'chakuti munda sufunsa pepala. Anagwetsa mitengo, analima, anaphunzitsa ana. Lero ndi mkulu wa mpingo ndipo anthu akakangana za malire a munda amabwera kwa iwo. Mwana wao ndiye uja anabwera ndi zala zakuda, akubwerera ku tauni imene atate ake anachokako, ndipo chinthu choyamba chimene tauni yamufunsa ndi umboni wakuti si chigawenga.

Musandimve molakwa. Pali nchito zimene pepalali liyenera kufunsidwa popanda manyazi. Munthu amene asunga ana ku sukulu ya mkaka, woyendetsa basi ya ana a sukulu, wogwira ndalama za anthu, wolondera nyumba usiku eni ake atagona, ine ndemwe ndingafune kudziwa mbiri yake. Wofuna kukagwira nchito kapena kukaphunzira kunja nayenso sangalizembe, maiko ambiri amalifuna popereka viza. Chimene chimandiwawa ndi nthawi imene limafunsidwa. Kampani ikafuna alonda khumi n'kuuza anyamata mazana kuti abwere ndi police clearance, amene alipira ndi anyamata onsewo, pamene ambiri a iwo sadzaitanidwa n'komwe. Ndipo olemba nchito ambiri amafuna pepala latsopano, ndiye ukakhala miyezi osapeza kanthu uyambiranso. Ku Kenya anaona vuto lomweli, ndipo mu 2022 anasintha lamulo la nchito kuti wolemba nchito asafunse mapepala otere kufikira atasankha kukupatsa nchitoyo. Palibe chovuta pamenepa chimene aphungu athu sangachimvetse.

Chachiwiri ndi cha munthu amene analakwadi, monga atate aang'ono. Ku Britain lamulo la 1974 limati milandu yambiri, pakapita zaka zoikika munthu osalakwanso, iye sakakamizidwa kuitchula pofunsira nchito wamba. Ku South Africa munthu angapemphe kuti mlandu waung'ono ufufutidwe pakapita zaka 10. Ife mu 2016 tinasintha dzina la ndende zathu kukhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti cholinga ndi kukonza munthu. Akaidi amaphunzira ukalipentala, kusoka ndi ulimi. Koma ngati mnyamata amene anaba foni ali ndi zaka 19 adzakanidwabe nchito yotsuka magalimoto ali ndi zaka 35, ukalipentala uja anauphunzirira chiyani? Pa pulogalamu yathu ya achinyamata anaimbapo foni mnyamata wina amene anati iye safunsira n'komwe nchito zofuna pepalali, chifukwa aopa kuti nkhani yake idzafika kwa apongozi.

Kwa inu amene muli pa mzere sabata ino: nyamulani reji yeniyeni ndi fotokope yake, lipirani kumene boma lanena n'kusunga lisiti, ndipo zala zikhale zanu, mudinde nokha pamaso pa wapolisi. Aliyense wokuimitsani panja n'kunena kuti akutengerani pepala msanga popanda kudinda, mungomusiya. Pepala labodza ndilo lingakupatseni mlandu woyamba umene munalibe.

La mng'ono wanga linatuluka loyera. Analiika mu pulasitiki, n'kulipereka ku kampani ija pamodzi ndi kalata. Papita masabata atatu tsopano. Dzulo ndinamupeza kudimba akuthirira repu, foni ataiika pa chitsa pamene netiweki imagwira bwino. Ndinamufunsa ngati aimba. Anati, "Akalibe, akulu," n'kupitiriza kutunga madzi.