Dzina la galu, koma uthenga wa anthu

Agogo anga kumudzi anali ndi galu dzina lake Mundinenanji. Galuyo sankadziwa kanthu, koma mlamu wawo wa nyumba yoyandikana ankamva bwinobwino madzulo aliwonse agogo akamaitana mokweza kuti adzadye mkute. Ndewu sinabukepo, chifukwa ungakwiye bwanji munthu akuitana galu wake?

Ndinakumbukira zimenezi sabata yatha ku Area 4 kuno ku Lilongwe, nditamva mlonda wa pageti ina akukalipira Tiger ndi Rex. Ambiri m'tauni muno timaona ngati mayina okuluwika aja ndi zachimidzi. Komatu atsogoleri a mayiko amachita zomwezo.

Mu June 2000, pa msonkhano woyamba wa atsogoleri a North Korea ndi South Korea ku Pyongyang, Kim Jong-il anapatsa Kim Dae-jung tiana tiwiri ta agalu a mtundu wa Pungsan. Mayina awo anali Dangyol, kutanthauza umodzi, ndi Jaju, kudziimira pawokha. Liwu lachiwirili linali ndi minga: m'ndale za kumpotoko limanena za kusadalira alendo, pomwe kum'mwera kuli asilikali a America. Agaluwo atafika ku Seoul anasinthidwa mayina n'kukhala Uri ndi Duri, "ife" ndi "awiri". Mphatso analandira, uthenga anaubweza mwaulemu. Agogo akanati awa ndiye akulu.

Wina amene amandisangalatsa ndi Michael D. Higgins, yemwe anakhala pulezidenti wa Ireland kuyambira 2011. Dziko lake anthu ambiri amayankhula Chingerezi tsiku ndi tsiku, koma iye agalu ake anawatcha m'chinenero cha makolo awo: Bród, kunyadira, Síoda, nsalu ya silika, Misneach, kulimba mtima. Atolankhani akafuna kulemba za agaluwo, ankayenera kulemba mawuwo ndi kuwamasulira. Phunziro la chinenero laulere, eti?

Ndiye ndinabwerera kwa mlonda uja. "Achimwene, nanga mayinawa anatcha ndani?"

"Abwana," anatero. "Wanga wa kumudzi ndi Adzatopa."

Nditafunsa kuti adzatope ndani, anangoseka, n'kuyang'ana ku ofesi.