Asilikari a Keyala Atabwera Kwao ku Nsanje

Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, imene inayamba m'caka ca 1939, anyamata ambiri a dziko lino analembedwa usilikari m'gulu la King's African Rifles, limene anthu ankalichula kuti Keyala. Ena a iwo anacokera ku Cigwa ca Shire, ku Cikwawa ndi ku Nsanje, kumene masiku amenewo kunkachedwa Port Herald.

Anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ndi pa cilumba ca Madagascar mu 1942. Koma kumene anazunzika koposa ndi ku Burma mu 1944. M'cigwa ca Kabaw anayenda m'matope nthawi ya mvula yosakata, akumenyana ndi Ajapani obisala m'nkhalango, malungo nawonso akugwetsa anthu tsiku ndi tsiku, mpaka anafika pa mtsinje wa Chindwin.

Nkhondo inatha mu 1945, ndipo otsala anabwera. Pamudzi panali nthungululu, mowa unaphikidwa, mbuzi zinaphedwa. Masiku a cikondwerero atapita, msilikari anatsala yekha.

Kusungulumwa kwace kunali kwa mtundu wacilendo, pakuti abale anali pomwepo. Cimene cinasowa ndi munthu womva. Anzace amene anagona nawo m'dzenje limodzi, amene anakwirira nawo akufa popanda mwambo wa maliro, anali atabalalika, wina ku Zomba, wina ku Mulanje, wina ku Mzimba. Pabwalo anthu ankakonda kumva za sitima ya pamadzi ndi njobvu zogwira nchito. Za mnzace wofera m'manja mwace sankafunsa, iyenso sankanena. Wobwebweta usiku kapena wodzidzimuka ndi bingu ankamunena kuti nkhondo inamzunguza mutu, ena nkumati mizimu ya anthu amene anawapha ikumtsata. Lero madokotala amadziwa kuti imeneyi ndi nthenda ya maganizo yobwera ndi zoopsa zimene munthu waona, ndipo imacizika. Kalelo ambiri anaithawira ku kacasu.

Ngakhale munda sunamlandire bwino, cifukwa kuyambira zaka za m'ma 1930 madzi a Shire anakwera namiza madimba ambiri a thonje.

Ku Zomba kuli nsanja ya cikumbutso ca Keyala ndi nyumba zosungiramo asilikari okalamba. Koma Zomba ndi kutali ndi Nsanje, ndipo ambiri anakalambira m'midzi yao, nyota zao za ulemu ziri m'bokosi.