Madzi owawa a mu Numeri 5: kodi m'Baibulo muli mwavi?

Tikaima pa mlatho wa Kafue n'kumaona madzi akutsika, sitiganiza kawirikawiri za kumene akupita. Amadutsa ku Kafue Gorge n'kukathira mu Zambezi kufupi ndi Chirundu, m'dera la Chiawa. Kumeneko, m'zaka za m'ma 1990, Edzi itavuta ndipo maliro atachuluka, kunabwera sing'anga wofufuza mfiti. Ankamwetsa anthu oganiziridwa mankhwala oti aonetse wolakwa, ndipo anthu 16 anafa. Katswiri wofufuza za chikhalidwe, C. Bawa Yamba, analemba nkhaniyi mu 1997. Ambiri a ife tinali tisanabadwe, koma makolo athu anali kale akuluakulu.

Kuweruza mlandu ndi chakumwa ndi mwambo wakale umene makolo ankautcha mwavi. Ankasinja khungwa la mtengo wa mwavi, umene asayansi amautcha Erythrophleum, n'kulisungunula m'madzi. Wosanza ankati ndi wosalakwa, wakufa ankati ndiye mfitiyo. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. David Livingstone anatchula mwambowu m'buku lake la maulendo la mu 1857. Boma la atsamunda la Northern Rhodesia linakhazikitsa lamulo la za ufiti mu 1914, ndipo mpaka lero Witchcraft Act, Chapter 90 ya malamulo a Zambia, imaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Tsopano ife amene tinakulira m'tchalitchi tikatsegula Numeri chaputala 5, timadzidzimuka. Muli chakumwa chotchedwa madzi owawa, ndipo ntchito yake inali kuweruza mlandu wopanda mboni. Mwamuna akaganizira mkazi wake kuti wayenda ndi wina, koma palibe anawagwira, ankapita naye kwa wansembe atatenga ufa wa barele wosathira mafuta kapena lubani. Wansembe ankatunga madzi opatulika m'chiwiya chadothi, n'kuthiramo fumbi la pansi pa chihema. Kenako ankalemba matemberero, n'kutsukira zolembazo m'madzimo. Mkazi ankavomera lumbiro n'kumwa. Ngati analakwa, mimba inkayenera kutupa ndipo ntchafu kufota. Ngati sanalakwe, ankamasuka ndipo ankatha kubereka ana.

Kufanana kwake ndi mwavi n'koonekeratu. Koma tiyeni tisuzumire m'chikhomo. M'mwavi muli poizoni wogwira mtima, ndiye aliyense womwa, wolakwa kapena wosalakwa, ali kale pakamwa pa imfa. Kuti apulumuke, thupi lake liyenera kuusanza msanga. Komanso wosinja khungwa ndiye akudziwa muyeso, ndipo ngati wakwiyira munthu kapena walandira kangachepe, chigamulo chimakhala chitatha chikho chisanafike pakamwa. M'madzi a wansembe munali fumbi ndi inki. Zimenezi zimanyansa kumwa, koma sizipha. Ngati Mulungu sanachite chozizwitsa, mkazi ankabwerera kunyumba wamoyo, mlandu utatha.

N'chifukwa chake akatswiri ena a Baibulo amati cholinga cha lamuloli chinali kulanda mlandu m'manja mwa mwamuna wansanje. Pansi pa malamulo a Mose, chigololo chinali mlandu wa imfa, koma panafunika mboni. Popanda mboni, mkwiyo wa mwamuna ndi manong'onong'o a pamudzi zikanatha kumupweteka mkaziyo. Tikayerekeza ndi Babulo, kusiyana kumaoneka bwino. Malamulo a mfumu Hammurabi, a cha m'ma 1750 Yesu asanabadwe, amanena kuti mkazi wolozedwa chala pa nkhani yotere adziponye mumtsinje. Mtsinje umamiza ngakhale wosalakwa.

Tisalikometse mopitirira, komabe. Amene ankaimikidwa pamaso pa wansembe, tsitsi litamasulidwa, anali mkazi yekha. Mkazi woganizira mwamuna wake analibe chikho choti amumwetse, ndipo chaputalacho chimatha ndi kunena kuti mwamunayo alibe mlandu. Ayuda eniake anadzausiya mwambowu. Mishnah, buku la malamulo awo lolembedwa cha m'ma 200, imati Yohanan ben Zakkai, mphunzitsi wa m'nthawi imene kachisi wa ku Yerusalemu anagwetsedwa m'chaka cha 70, ndiye anathetsa madzi owawa chifukwa achigololo anali atachuluka. Aphunzitsi achiyuda anafotokoza kuti madziwo sangayese mkazi ngati mwamuna wake nayenso ali ndi mlandu womwewo. Ndiye kuti papita zaka pafupifupi 2,000 eni malembawo ataika chikhocho pansi.

Nkhaniyi ikutikhudza chifukwa zimene zinaitanitsa sing'anga ku Chiawa tikadali nazo. Mnyamata wathanzi akamwalira mwadzidzidzi ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound, pamaliro pamayamba kunong'onezana, ndipo kawirikawiri chala chimaloza agogo okhala okha. Chibwenzi chikasokonekera, timafuna njira yachidule yodziwira amene akunama. Pa nthawi yotere kumapezeka munthu wonyamula botolo, wina atavala nyanga, wina atagwira Baibulo, n'kunena kuti wosalakwa saopa kumwa. Akafuna kutitseka pakamwa, angatitchulire Numeri 5.

Tikamva zimenezo, tili ndi zofunsa. M'botolomo muli chiyani, ndipo wasakaniza ndani? Nanga n'chifukwa chiyani womwa ndi mayi wamasiye kapena nkhalamba, pamene woloza chala waima pambali? Wansembe wa mu Numeri ankathira fumbi ndi inki mkaziyo akuona, ndipo ngakhale zimenezo zinaleka kalekale. Ngati wina wakakamiza agogo athu kumwa chilichonse kuti adziyeretse, nkhaniyo ndi ya ku polisi, ndipo woyamba kuthamangirako akhale mmodzi wa ife.