Luso la mphunzitsi m'sukulu za ku Mchinji

Luso la mphunzitsi ndi kutha kufotokoza phunziro mpaka mwana alimvetse, ndipo limachita kuphunziridwa. Sukulu za pulayimale zitakhala zaulere mu 1994, ana anadzaza m'makalasi, boma n'kulemba aphunzitsi ambiri osaphunzira ntchitoyi. N'chifukwa chake kunabwera maphunziro osula aphunzitsi a MIITEP mu 1997, kenako a IPTE. Ena amati chimene chimagwetsa ana ku Mchinji n'kusowa kwa mabuku, mphunzitsi alibe mlandu. Mabuku ndi ofunikadi, koma mphunzitsi wosulidwa bwino, wodziwa njira ya TALULAR yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi, amaphunzitsa masamu ndi njere za chimanga kapena zitsekerero za mabotolo ana n'kumva. Luso lotere limazilala likapanda kunoledwa, n'chifukwa chake alangizi a maphunziro amasonkhanitsa aphunzitsi ku ma TDC, malo onolera luso la aphunzitsi, a m'boma la Mchinji.