The New 52: Kuyambanso kwa Makomiki a DC mu 2011

The New 52 ndi dzina la ndondomeko imene DC Comics, kampani ya ku America yosindikiza makomiki, inakhazikitsa mu 2011, pamene inathetsa mitu ya mabuku a ngwazi zake ndi kutulutsa mitu 52, uliwonse kuyambira pa nambala 1. Makomiki ndi timabuku ta nthano zofotokozedwa ndi zithunzi zojambula, ndipo a DC ndiwo eni ake a Superman, Batman ndi Wonder Woman. Kope loyamba, Justice League nambala 1, linatuluka pa 31 Ogasiti 2011, ndipo ena 51 anatuluka mu Sepitembala. Cholinga chinali kukopa owerenga atsopano amene ankaopa kulowa nthano zoti zinayamba iwo asanabadwe.

Mbiri

Kampaniyi inayamba ndi Malcolm Wheeler-Nicholson, amene anakhazikitsa National Allied Publications mu 1934. Zilembo za DC zinachokera ku mutu wa Detective Comics, umene unayamba kutuluka mu 1937. Chaka chotsatira, Action Comics nambala 1 inabweretsa Superman, yemwe anapekedwa ndi anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster. Awiriwa anagulitsa umwini wa ngwaziyi pa madola 130 okha, ndipo nkhani yawo imakumbukiridwabe nthawi iliyonse anthu akamakambirana za malipiro a olemba ndi ojambula. Batman anaonekera koyamba mu 1939 mu Detective Comics nambala 27, ntchito ya Bob Kane ndi Bill Finger, ndipo Wonder Woman anabwera mu 1941.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu anayamba kutopa ndi ngwazi, moti mitu yambiri inatsekedwa. Kuyambanso koyamba kodziwika kunachitika mu 1956, pamene mkonzi Julius Schwartz anatulutsa Flash watsopano, Barry Allen, mu Showcase nambala 4. Dzina linali lakale, koma munthu, zovala ndi chiyambi cha mphamvu zake zinali zatsopano. Green Lantern anakonzedwanso chimodzimodzi mu 1959. Owerenga atafunsa za ngwazi zakale zija, olemba anayankha mu 1961 kuti zikukhala pa dziko lina lofanana ndi lathuli. Yankholi linasangalatsa anthu, koma linabala mayiko ambirimbiri, lililonse ndi Superman wake kapena Flash wake, mpaka owerenga atsopano anayamba kusokonezeka.

Pofuna kukonza zimenezi, mu 1985 ndi 1986 DC inatulutsa Crisis on Infinite Earths, nthano ya makope 12 yolembedwa ndi Marv Wolfman ndi kujambulidwa ndi George Pérez. Mayiko onse aja anaphatikizidwa kukhala limodzi, ndipo Supergirl ndi Barry Allen anafa. Kenako John Byrne anafotokozanso chiyambi cha Superman mu The Man of Steel mu 1986, Frank Miller ndi David Mazzucchelli anachita chimodzimodzi ndi Batman mu Year One mu 1987, ndipo Pérez anatenga Wonder Woman chaka chomwecho. Komabe zotsalira za mbiri yakale zinkatulukirabe apa ndi apo, choncho panabweranso Zero Hour mu 1994 ndi Infinite Crisis mu 2005 ndi 2006.

Marvel, kampani imene imapikisana ndi DC, inayesanso njira zake. Mu 1996 inapereka ngwazi monga Captain America ndi Fantastic Four kwa Jim Lee ndi Rob Liefeld kuti aziyambenso m’ndondomeko ya Heroes Reborn, imene inatha patangopita chaka. Mu 2000 inayambitsa Ultimate Spider-Man, momwe Peter Parker anabwerera kusekondale, koma mabuku akale anapitirira pambali osakhudzidwa. Kusiyana kwa DC mu 2011 kunali kwakuti inakhudza mzere wonse nthawi imodzi.

Zimene zinasintha

Chilengezo chinatuluka pa 31 Meyi 2011. Pa nthawiyo Dan DiDio ndi Jim Lee ndiwo ankatsogolera zosindikiza, Geoff Johns ankayang’anira zopeka nthano, ndipo Bob Harras anali mkonzi wamkulu. Chifukwa cha kusinthaku chinafotokozedwa mu Flashpoint, nthano ya makope 5 ya Johns ndi Andy Kubert: Flash anabwerera m’mbuyo mu nthawi kuti akapulumutse amayi ake, dziko linasokonekera, ndipo poyesa kulikonza mbiri yonse inalembedwanso.

M’mbiri yatsopanoyi ngwazi zinali zachinyamata, ndipo panali patangopita zaka pafupifupi 5 chiyambire kuonekera poyera. Ukwati wa Superman ndi Lois Lane, umene unachitika mu 1996, unafafanizidwa. Mu Action Comics ya Grant Morrison ndi Rags Morales, Superman anayamba ntchito atavala jinzi ndi tisheti, akulimbana ndi anthu olemera opondereza osauka. Brian Azzarello ndi Cliff Chiang anasintha Wonder Woman kukhala mwana wa Zeus, pomwe kale ankati anaumbidwa ndi dongo. Barbara Gordon, amene anakhala pa njinga ya olumala kuyambira 1988 ndipo ankadziwika kuti Oracle, anayambanso kuyenda ndi kubwerera pa dzina la Batgirl, zimene zinakhumudwitsa owerenga ambiri olumala omwe ankamuona ngati wawo. Cyborg anaikidwa m’gulu la oyambitsa bungwe la ngwazi la Justice League. Mbiri ya Batman ndi ya Green Lantern, amene mabuku awo ankagulidwa bwino kale, sinasinthe kwambiri.

Pakati pa mitu 52 ija panali Batwing, wolembedwa ndi Judd Winick ndi kujambulidwa ndi Ben Oliver. Ngwazi yake, David Zavimbe, anali wapolisi mumzinda wongopeka wa Tinasha ku Democratic Republic of the Congo, yemwe ali mwana anakakamizidwa kukhala msilikali. Mu 2013 dzina la Batwing linapita kwa Luke Fox wa ku Gotham, mzinda wa Batman, ndipo nthanoyo inachoka mu Africa.

Olemba, ojambula ndi njira zolowera

Ngakhale mabuku anali atsopano, ambiri mwa amene anawalemba ndi kuwajambula anali akale pantchitoyi. Izi zikugwirizana ndi mmene makampani awiri akuluakuluwa amalembera anthu. DC ndi Marvel salandira nthano zimene munthu wangotumiza osapemphedwa. Wojambula amatha kuonetsa zitsanzo za masamba ake kwa akonzi pa misonkhano ikuluikulu ngati San Diego Comic-Con, ndipo mkonzi amaona msanga ngati luso lilipo. Wolemba zimamuvuta koposa, chifukwa palibe mkonzi amene angawerenge nthano yonse ataima pamzere. Nthawi zambiri amayenera kuyamba wasindikiza ntchito yake kwina.

Mbiri za anthu a The New 52 zikuonetsa zimenezi. Scott Snyder, amene Batman wake wojambulidwa ndi Greg Capullo anatchuka kwambiri chifukwa cha nthano ya Court of Owls, anayamba ndi buku la nthano zifupizifupi, Voodoo Heart, mu 2006, kenako American Vampire mu 2010. Jeff Lemire wa ku Canada, wolemba Animal Man, anayamba ndi kudzisindikizira yekha asanadziwike ndi Essex County. Gail Simone anali wokonza tsitsi. Akonzi anamudziwa kudzera mu zolemba zake za pa intaneti, ndipo analemba makomiki a The Simpsons asanafike ku Marvel ndi DC. Geoff Johns anali wothandizira Richard Donner, wotsogolera mafilimu. Jim Lee anamaliza maphunziro ku Princeton, ndipo m’malo mopita kukaphunzira udokotala anakaonetsa zojambula zake kwa akonzi, nayamba ku Marvel mu 1987. James Tynion IV anali wophunzira wa Snyder ku Sarah Lawrence College, ndipo analowa mu 2012 pothandizana naye kulemba timasamba ta kumapeto kwa Batman.

Njira zakale zinali zotsegukirako. Jim Shooter anagulitsa nthano zake ku DC mu 1966 ali ndi zaka 14, ndipo Mark Bagley analowa ku Marvel atapambana mpikisano wa Marvel Try-Out Book, buku limene linatuluka mu 1983. Sukulu ya Joe Kubert, imene inatsegulidwa ku Dover, New Jersey, mu 1976, yaphunzitsanso ojambula ambiri.

Mu Julayi 2011, ku San Diego Comic-Con, owerenga anafunsa atsogoleri a DC chifukwa chimene amayi analili ochepa chonchi pamndandanda, pakuti mayina amene ankatchulidwa anali a Gail Simone ndi Amy Reeder. Kampaniyo inalonjeza kulemba ena. Panalinso madandaulo akuti akonzi ankasintha nthano mochedwa. Pérez anasiya kulemba Superman atangotulutsa makope 6, ndipo mu 2013 J. H. Williams III ndi W. Haden Blackman anachoka pa Batwoman, ponena kuti mwa zina analetsedwa kuonetsa ukwati wa ngwaziyo. Cha m’ma 2016 DC inali ndi maphunziro a olemba ndi ojambula atsopano, ndipo Snyder anali mmodzi wa aphunzitsi.

Malonda

Makomiki amenewa ankagulitsidwa makamaka m’masitolo apadera, amene ankaoda kudzera ku Diamond Comic Distributors. Makope ambiri anali pa madola 2.99, ena 3.99, ndipo onse ankapezekanso pa intaneti tsiku lomwelo limene afika m’sitolo. Justice League nambala 1 ndiyo inagulidwa koposa makomiki onse mu 2011, ndipo kwa miyezi ingapo DC inapitirira Marvel. Mitu yosayenda malonda inkachotsedwa msanga: 6 mwa iyo, kuphatikizapo Static Shock ndi Mister Terrific, inatha itangofika pa nambala 8, ndipo ina inalowa m’malo mwake mu Meyi 2012. Marvel inayankha chaka chomwecho ndi Marvel NOW!

Dzina ndi manambala

Nambala 52 sinangosankhidwa. Mu 2006 ndi 2007 DC inatulutsa nthano yotchedwa 52, kope limodzi sabata iliyonse kwa chaka chathunthu, ndipo kumapeto kwake kunaululidwa kuti mayiko ambiri aja abwereranso, ndipo alipo 52. Kuchokera pamenepo nambalayi inakhala ngati chizindikiro cha kampani. Justice League of America nambala 1 ya mu 2013 inali ndi zikuto 52 za mbendera, za zigawo 50 za United States kuphatikizapo Washington, D.C. ndi Puerto Rico. Okonda makomiki nawo anali ndi mayina awoawo, monga Nu52 ndi DCnU, ndipo ankatsutsana kwambiri ngati chimene chachitika chinali kufafaniza mbiri yonse kapena kungoyambanso kuwerenga manambala.

Nkhani ya manambalayi ndi yokoma kuitsata, pakuti m’makomiki nambala imalankhula. Munthu amene waona nambala 904 pachikuto ali ngati mlendo wofika pabwalo la mfumu mlandu uli pakati: amaopa kuti sadzamva chimene chikukambidwa. Nambala 1 imamuuza kuti akhoza kuyambira pomwepo. Koma kwa wowerenga wakale, nambala yaikulu ndi ulemu wa zaka zimene wakhala akugula. Action Comics inali itafika pa 904 ndipo Detective Comics pa 881, ndipo mitu iwiriyi inali isanabwererepo pa 1 chiyambire m’ma 1930. N’chifukwa chake kudulidwa kwa manambala amenewa kunawawa anthu ena kuposa kusintha kwa zovala za Superman.

Akonzi anapitiriza kusewera ndi manambala chaka ndi chaka. Mu Sepitembala 2012 mitu inatuluka ndi nambala 0, yofotokoza chiyambi cha ngwazi iliyonse. Mu Sepitembala 2013 adani a ngwazi ndiwo analanda mabuku, manambala anakhala ngati 23.1 ndi 23.2, ndipo zikuto zinali zooneka ngati zikuyenda munthu akazipendeketsa. Panalinso kamasewero kena kosangalatsa: m’makope onse 52 a nambala 1 munabisidwa mayi wovala chofunda kumutu, amene pambuyo pake anadziwika kuti ndi Pandora, ndipo owerenga ankafufuza tsamba ndi tsamba kuti amupeze pakati pa khamu la anthu.

Mathero

Mu 2015 DC inasamutsa maofesi ake kuchoka ku New York kupita ku Burbank, California, ndipo itatha nthano ya Convergence dzina la The New 52 linachotsedwa pazikuto. Pa 25 Meyi 2016 kunatuluka DC Universe: Rebirth nambala 1 ya Geoff Johns, imene inabwezeretsa Wally West wakale, yemwenso anali Flash, ndi zina zimene owerenga ankazisowa. Action Comics inapitirira pa 957 ndipo Detective Comics pa 934, powerengera makope a zaka zapakatizo, moti Action Comics inafika pa 1000 mu 2018.

Kufunika kwake

Tinganene kuti The New 52 inasonyeza kuti nambala 1 ikhoza kubweretsa owerenga ambiri kwa kanthawi, koma kuwasunga kumadalira olemba ndi ojambula amene apatsidwa mpata.